Campanula woyanga pansi, angachite bwino kuno ku Kasungu?

Nabanda_KU:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu odziwa za maluwa. Ine ndili ku Kasungu kuno cha ku Chankhanga, nyumba yathu ili pamalo otsetsereka pang'ono nde kutsogolo kwa khonde kuli kamalo ka mamita 6 mulitali, mulifupi mwina 2, kamene kakundisowetsa mtendere. Chilimwe ndi fumbi lokhalokha, mphepo ikangowomba lonse limathera pakhonde ndi m'mawindo, dzinja likafika madzi ochoka pa malata amakumba tingalande n'kukokolola dothi mpaka ku geti. Kapinga sindikumufuna, ameneyu akalowa salola duwa lina lililonse komanso amafuna munthu womutchetcha pafupipafupi.

Nde alamu anga a ku Lilongwe andipatsa kaduwa m'kapoto, akuti anagula kwa ogulitsa maluwa konko, pakapepala kake palembedwa Campanula poscharskyana. Masamba ake ndi ang'onoang'ono ozungulira okhala ndi timano m'mbali, tinthambi take tikulendewera kunja kwa poto, ndipo ndaona timaluwa tiwiri ta buluu wopita ku pepo tooneka ngati nyenyezi. Ndakakonda kwambiri. Pa intaneti ndikuona zithunzi kataphimba pansi ponse mpaka kukwera pa khoma, koma zithunzizo zikuoneka kuti ndi za kunja. Funso langa ndi loti kodi kuno ndi dzuwa lathuli kangapirire? Ndibzale liti, ndithirire kangati poti madzi ndi a pampopi olipira, ndipo kapoto kamodzi kangakwane bwanji malo onsewo? Malowo amawombedwa dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 1 koloko, kenako nyumba imatchinga. Ndili ndi nkhuku zochepa zachikuda zoyendayenda.

Madala Chisale:

Mayi Nabanda, zikomo pofunsa musanabzale. Duwa limeneli ndimalidziwa, ndinalisamalirapo ku Dedza nthawi imene ndinkagwira ntchito ya m'munda wa maluwa pa nyumba ina kumeneko. Ku Dedza kumazizira nde linkachita kusangalala, linkatuluka m'ming'alu ya khoma la miyala popanda munthu kulibzalapo. Ku Kasungu ndi nkhani ina koma sikuti n'zosatheka, ndipo mwayi wanu ndi umene mwanenawo, kuti dzuwa limafika m'mawa mokha masana nyumba n'kutchinga. Mukanati malowo ali kumadzulo kwa nyumba ndikanakuuzani kuti musavutike, dzuwa la masana la Okutobala likanawaula lonse.

Chimene chimapha duwa limeneli kwambiri si ludzu ayi, ndi madzi odikha pamizu. Limafuna dothi loti mukathira madzi alowe pompo n'kudutsa. Ngati panu pali dothi la mchenga ngati mmene kulili madera ambiri a Kasungu ndiye muli pabwino, mungowonjezera manyowa. Ngati ndi katondo womata uja, kapena dothi limene linatsala pomanga nyumba lolimba gwa, tipulani mozama kufika khasu lonse, muthiremo mchenga wa kumtsinje ndi tizidutswa ta njerwa, bedi likwere pang'ono kuposa pansi pozungulira. Manyowa akhale a ng'ombe kapena a mbuzi owola bwino, oti mukagwira azifumbutuka osanunkha khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi musayerekeze, zimatentha mizu.

Za nthawi, musafulumire. Kusiyeni m'poto kaye pamthunzi wa khonde mpaka mvula ikamatha, cha mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Nthawi imeneyo pansi pakadali chinyezi, dzuwa lafooka, ndipo kutsogolo kuli miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi imene duwali limaikonda, likamafika kotentha limakhala litazika mizu kale. Pogawa, thirirani poto madzulo, m'mawa mugudubuze poto n'kutulutsa chonse ndi dothi lake, muona kuti si tsinde limodzi koma timagulu tambiri togwirana, tina tili ndi mizu yoyera yopyapyala. Mung'ambe ndi manja pang'onopang'ono, kagawo kalikonse kakhale ndi mizu yake ndi masamba angapo. Likathyoka limatuluka utomoni woyera, musadabwe ndi mmene lilili. Bzalani motalikana masentimita 30 mpaka 40, ndipo pamene masamba akumana ndi mizu pakhale pofanana ndi pamwamba pa dothi, mukakwirira pamenepo limawola.

Kapoto kamodzi sikangadzaze mamita 6 chaka chimodzi, zimenezo ndikuuziranitu. Yambani ndi mzere wa kufupi ndi khonde kumene mthunzi umayambira kufika, chaka chamawa mugawenso zomwezo muzisunthira kunsi.

Mai a Chisomo (Mchinji):

Achemwali Nabanda ine ndili nalo duwa limeneli kuno ku Mchinji pa boma, linachokera kwa mnzanga wa ku Chipata. Zimene anena a Chisale ndi zoona zokhazokha koma pa nkhani ya madzi ndiwonjezereko, chifukwa munthu akamva kuti silifuna madzi ambiri amatha kulisiya osathirira nde mu Okutobala limauma ndithu. Mizu yake siipita pansi kwambiri. Ine miyezi yozizira ndimathirira kawiri pa sabata basi, koma kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka mvula itagwa ndimadumphitsa tsiku limodzi lokha, kukatentha kwambiri tsiku lililonse, m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Njira yake pisani chala m'dothi, ngati kunsonga kwa chala kukumveka kozizira musathire, ngati kuli kouma thirani mokwanira osati kungowaza pamwamba. Ndipo muzithira pansi m'mbali mwa tsinde osati pamasamba, makamaka madzulo, masamba akagona onyowa amagwira timadontho tofiira kunsi kwake. Za bilu ya madzi ndikumvetsa, ine madzi otsukuluzira zovala omaliza aja ndi otsukira ndiwo zamasamba ndimasungira mu ndowa n'kuthirira, koma a sopo wambiri kapena otsukira mbale zamafuta ayi.

Vuto lalikulu kwa ine ndi nkhono. Dzinja zimabwera zambirimbiri, zazikulu zija za chigoba komanso zija zopanda chigoba zoterera, ndipo duwali zimalikonda koopsa. Mumadzuka m'mawa n'kupeza masamba anthete onse adyedwa kwatsala timitsitsi tokha, pa njerwa pali mizere yonyezimira ya mamina ake. Masana simungazione, zimabisala kunsi kwa njerwa za m'mphepete mwa bedi ndi kunsi kwa mapoto. Ine ndimatenga tochi cha m'ma 8 usiku mvula ikakhala yagwa, n'kumatola kuponya mu chitini cha madzi a mchere. Komanso ndimasiya kathabwa konyowa kapena tsamba la kabichi pambali pa bedi, m'mawa mukavundukula mumazipeza zitaunjikana pamenepo. Mchere musathire pa bedi penipenipo, muwononga dothi.

Mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa masiku otsatizana muziyang'ana pakati pa chitsamba. Mbali imene inali pafupi ndi podontha madzi a malata kwathu inada pakati, nditagwira zinangosolokera m'manja zili phalaphala ndi kafungo kowola, pamene za pamwamba pa miyala sizinasinthe olo pang'ono. Mukaona zotero dulani powolapo mutaye kutali, zotsalazo zipume mphepo.

Nkhuku zanuzo nde zikuvutitsani, zimakonda kufukula pa dothi lofewa la manyowa ndipo timbande tongobzala kumene zimazula tsiku lomwelo. Ikani nthambi zaminga kapena ka waya ka nkhuku pamwamba mpaka litagwirana. Likaphimba pansi sizifukulanso kwenikweni, zimangojompha masamba apo ndi apo.

Maluwa akatha musachite nalo chisoni, tengani sizasi mumete tinthambi tonse tatalitali tija kusiya masamba a pansi, limaphukiranso bwino lothinana. Mukalisiya limaoneka lonyankhalala ndipo pakati pamayamba dazi.

Yamikani wa ku Santhe:

Amayi, ine ndinaphunzirako za ulimi wa maluwa ndi ndiwo zamasamba nde ndiloleni ndinene mbali imene ingakukhumudwitseni pang'ono, koma ndi bwino muidziwe musanawononge madzi anu. Campanula poscharskyana kwawo ndi ku mapiri a Dinaric ku Ulaya, mbali za Croatia, Bosnia ndi Montenegro, kumene amamera m'ming'alu ya miyala ya laimu. Ndi malo oti nyengo yozizira kumazizira zenizeni. Maluwa ambiri a mtundu wa Campanula amafuna adutse kaye mu kuzizira kwa masabata angapo kuti amasule mokwanira, ena amafunanso masiku otalika a chilimwe cha ku Ulaya pamene dzuwa limalowa mochedwa kwambiri. Ife tili pafupi ndi madigiri 13 kummwera kwa equator, usana wathu sufika maola 13 olo mu Disembala, ndipo kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi ndi kochepa poyerekeza ndi kwawoko. Chimene chimatithandiza ndi chakuti Kasungu ndi Mchinji zili pamtunda wopitirira mamita 1,000, usiku kumazizirako. Nde masamba mupeza, kuyanga liyanga, maluwa abwera ndithu koma musayembekezere buluu wothithikana ngati wa pa zithunzi za ku England zija. Ku Dedza kumene akunena a Chisale ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake kumeneko limachita bwino chonchija.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna mumvetsetse, duwali silingathetse kukokoloka kwa dothi ngati madzi a padenga akugwerabe pamalopo. Ndi lalifupi, masentimita 10 mpaka 20 basi, mizu yake ndi yosazama, madzi othamanga ochoka pa malata amalizula kapena kulikwirira ndi mchenga. Konzani kaye njira ya madzi. Ikani gatala padenga madziwo azipita mu dramu, zomwe zikuthandizeninso pa bilu ija, kapena kumbani kangalande koyala miyala pamene madzi amagwera kakatulukire kumbali. Kenako malo otsetserekawo muwadule ndi mizere iwiri ya njerwa kapena miyala yopingasa kuti pakhale timasitepe. Kunsi kwenikweni cha ku geti mzere umodzi wa udzu wa vetiva ungagwire dothi kuposa duwa lina lililonse, ndipo vetiva sayanga, amakhala pomwe mwamubzala. Campanula mumuike m'mphepete mwa miyalayo, ndi malo amene amawakonda mwachibadwa, mizu imabisala kunsi kwa mwala kozizira tinthambi n'kumatsikira kunsi.

Mbali ya kunsi imene dzuwa limachedwa kuchoka ine ndikanabzala zina. Portulaca uja amamasula dzuwa likakwera, wa mitundumitundu, wa ku South America, sadandaula ndi kutentha ndipo kanthambi kongothyola n'kuzika kamagwira. Aptenia wa masamba onenepa ndi timaluwa tofiira, wa ku South Africa, nayenso amaphimba pansi mwachangu ndi madzi ochepa. Ngati mtima wanu uli pa buluu funsani Evolvulus kwa ogulitsa maluwa, ndi wa ku Brazil, amakonda dzuwa. Palinso Lobelia erinus amene ali banja limodzi ndi Campanula ndipo kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa, Malawi yemwe ali m'gulu la mayiko amene amamera yekha, kungoti sakhalitsa, mumafesa chaka ndi chaka nthawi yozizira. Chimene sindingakulangizeni ndi Wedelia uja wa maluwa achikasu amene wadzaza m'mipanda yambiri m'tauni, amaphimba msanga inde koma akakhazikika kumuchotsa ndi ntchito yaikulu, ali pa mndandanda wa bungwe loona za chilengedwe la IUCN wa zamoyo 100 zolanda malo koopsa padziko lonse.

Komanso kwa ena amene mungafune kugula, muziwerenga dzina lonse pa kapepala. Campanula portenschlagiana ndi m'bale wake wa ku Croatia komweko, maluwa ake ndi akuya ngati kabelu osati otambasuka, amayanga pang'onopang'ono, chisamaliro ndi chimodzimodzi. Campanula patula ndi wina, amaima chilili, amakhala zaka 2 zokha n'kufa, saphimba pansi. Campanula rapunculoides nde mupewe, ali ndi mizu yoyera yonenepa imene kachidutswa kakatsala m'dothi kamaphukanso, ku Canada ndi ku America akulimbana naye ngati udzu woipa. Ndipo ngati mukuitanitsa mbewu kapena zomera kuchokera kunja kwa dziko pamafunika chilolezo cha a zaulimi, ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze angakuuzeni ndondomeko yake.

Nabanda_KU:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Achimwene Yamikani simunandikhumudwitse ayi, bola kudziwiratu. Za gatala tinkaziganizira kale ndi bambo a kunyumba nde apa ndapeza chifukwa chowakumbutsira mvula isanayambe. Ndapita kukakumba pang'ono pamalopo, pamwamba ndi mchenga koma kunsi pang'ono kuli dothi lofiira lolimba losakanikirana ndi zidutswa za simenti zotsala pomanga. Kodi simentiyo ndichotse yonse? Nanga a Chisale, za kuphimbira bedi ndi udzu kapena makoko a mtedza kuti chinyezi chisathe msanga mukuti bwanji, chifukwa kuno chiswe nde chosayamba, chinandithera mitengo ya mapeyala iwiri. Komanso timaluwa tiwiri tija tikauma ndingatenge njere zake n'kufesa kuti zichuluke msanga? Feteleza nayenso sindinamve kuti ndithire wanji.

Madala Chisale:

Mayi, zidutswa za simenti zikuluzikulu chotsani kuti khasu lilowe, koma ting'onoting'ono musavutike nato. Monga wanenera mwana wathu Yamikani duwali ndi la pa miyala ya laimu, dothi la simenti pang'ono silidana nalo, n'chifukwa chake limamera m'makoma. Chofunika ndi kuswa dothi lofiira lolimbalo kuti madzi asaime pamwamba pake. Mukatha kutipula yesani chonchi, kumbani kadzenje kofika m'chigongono muthiremo ndowa ya madzi, mukabwerako patapita ola limodzi kapena awiri madzi akhale atalowa. Mukawapeza akadali pomwepo onjezerani mchenga ndipo bedi mulikweze ndithu.

Kumene kuli chiswe chambiri udzu wouma, mapesi ndi makoko a mtedza ndi kuchiitana. Chimayamba ndi zoumazo kenako chimamanga dothi lake kuzungulira tsinde. Dzinja zophimbira zoterozo zimasunganso nkhono zimene akunena Mai a Chisomo, komanso zimanyowetsa pakhosi pa duwa mpaka kuwola. Phimbirani ndi timiyala, kwale wamng'onowamng'ono uja kapena nsangalabwi za kumtsinje, kukhuthala kwake zala ziwiri. Timiyala timasunga chinyezi pansi, pamwamba pamakhala pouma, chiswe chilibe chodya ndipo nkhuku zimagwa ulesi kufukula. Musankhe toyererako, takuda timatentha kwambiri ndi dzuwa. Manyowa onse alowe pansi posakaniza ndi dothi, osasiya zinyalala zosawola pamwamba.

Za njere zimatheka koma ndi ntchito yofuna kudekha. Njere zake ndi zazing'ono ngati za fodya, nde inu a ku Kasungu simungavutike kumvetsa, kafesedwe kake ndi komweko ka ku nazale ya fodya. Dothi losefa bwino mu beseni lobowola pansi, kulinyowetsa, kusakaniza njere ndi kamchenga kouma n'kuwaza pamwamba, osakwirira chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere, kungotsindira ndi chikhatho. Kuthirira kwake ikani beseni m'madzi anyowe kuchokera pansi, mukathira ndi keni njere zonse zimathawira mbali imodzi. Pamthunzi, pakatha masabata 2 mpaka 4 zimayamba kuoneka. Koma pa timaluwa tiwiri musadalire kwambiri, mwina sitingabereke n'komwe ngati njuchi sizinafikepo. Njira yachangu ndi yogawa ija, komanso iyi: tinthambi tolendewerato tadulani tanthete topanda maluwa, totalika ngati chala, muchotse masamba a kunsi muzike m'machubu a mchenga wosakaniza ndi manyowa pang'ono, muike pamthunzi. Nthawi yozizira tambiri timagwira. Mukatero kapoto kanu kamodzi kakupatsani mbande zokwanira mzere woyamba wonse.

Feteleza silifuna wambiri. Urea ndi CAN ayi, mupeza masamba akuluakulu ofewa okoma kwa nkhono maluwa osaoneka. Ngati manyowa munathira okwanira chaka choyamba musathire kalikonse. Chaka chachiwiri kumayambiriro kwa Ogasiti mutha kutapa D Kompaundi wa ku fodya uja ndi zala zitatu pa chitsamba chilichonse, motalikira ndi tsinde, n'kuthirira pompo.

Mai a Chisomo (Mchinji):

A Chisale za timiyalazo ndikugwirizana nazo, kwathu mbali imene ndinathira kwale ndi imene imapirira Okutobala. Ndingowonjezera kuti timiyalato sititchinga udzu wonse, dawe ndi kapinga zimabowolabe, nde musanabzale achemwali mutole mizu yonse ya udzu pamalopo, muthirire mudikire sabata ziwiri zotsala zimere muzulenso. Kapinga akalowa pakati pa Campanula simungamuchotse osazula zonse, ndipo chaka choyamba mipata ikadali yambiri muzizula ndi manja osati khasu poti mizu ili pamwamba.

Achimwene Yamikani za maluwa ochepa mukunena zoona, kwathu amayamba kumasula cha kumapeto kwa Ogasiti mpaka kutentha kukafika pachimake, sakhala othithikana ngati pa zithunzi koma njuchi zimabwera ndithu ndipo masamba amakhala obiriwira chaka chonse, fumbi pakhonde linatha. Kukatentha kwambiri limaoneka lofooka masana, masamba kugwa pansi, musathamangire kuthira madzi dzuwa lili pamutu, dikirani madzulo muone ngati ladzuka lokha. Ngati m'mawa mwake likadali logona ndiye ndi ludzu lenileni. Masabata ovuta aja a kumapeto kwa Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe ine ndimazika timitengo tinayi n'kuyala thumba la saka kapena ukonde wakale pamwamba, m'mwamba ndithu kuti mphepo izidutsa, mvula yoyamba ikangogwa ndimachotsa.

Ndipo olo mutagawa zonse, kagawo kamodzi kabwezereni m'poto kakhale pakhonde, kuti za pansizo zikavutika ndi dzinja loyamba mukhale ndi poyambiranso mu Epulo.